Nkhanga pa Bulangeti la a Moira

Ku tchalitchi kwathu kuno ku Dennistoun kuli mayi wina amene mpaka lero akandiona ndikubwera amafumbata chikwama chawo n'kukhala mpando wakutali. Sindiwaimba mlandu, anamva zimene ndinachita. Ndikanakhala iwo, bwenzi nditasamukira mpingo wina.

Ine ndinabwera ku Glasgow kudzakhala ndi mwana wanga Tiyamike, amene ndi namwino. Khomo loyang'anizana ndi lathu ndi la a Moira, mayi wamasiye wachizungu, wa msinkhu wanga. Chizungu changa chimathera pa “thenkyu”, Chichewa chawo chimathera pa “zikomo”, koma tinkamwa tiyi limodzi masana aliwonse, aliyense akudandaula za mawondo m'chilankhulo chake, ndipo tinkamvana bwinobwino.

A Moira anali ndi chigalimoto chimene malemu amuna awo anawasiyira. Osati galimoto wamba ayi, nyumba yonse pa matayala. Bedi momwemo, mbaula momwemo, ngakhale chimbudzi momwemo, mikono iwiri kuchoka pamene pamakhala mapoto. (Ine chimbudzi chimenecho sindinalowemo ngakhale kamodzi. Munthu sungadzithandize mnzako akudula anyezi kuseri kwa kachitseko. Chikhodzodzo chinavutika koma ulemu unatsala.) Chigalimotocho chinali chitakalamba, chikutsokomola, pansi patadyeka ndi dzimbiri, ndipo amakaniko anali atanena kuti chikapanda kukonzedwa sichiloledwanso pamsewu. A Moira ndalama analibe. Ankachipukuta Loweruka lililonse ngati akusambitsa wodwala, chifukwa ndi mmene ankayendera ndi mwamuna wawo zaka zonse za banja lawo.

Tsiku lina Tiyamike anabwera ndi nkhani.

“Amayi, a Moira akuti tiwaperekeze kumpoto, kupitirira ku Perth. Akukagulitsa bulangeti ku okushoni kuti akonzetse galimoto.”

“Bulangeti limodzi? Kukonzetsa galimoto?”

“Si bulangeti wamba. Analigula ku America ndi amuna awo kalekale. Anachita kubwereka chigalimoto ngati chomwechi n'kupita kwa anthu ena otchedwa Aamishi. Anthu okana magetsi, oyenda pa ngolo za akavalo.”

“Okana magetsi? Magetsiwo alipo?”

“Alipo.”

“Sakuzimazima?”

“Sakuzima.”

Ife kwathu timaimba nthungululu magetsi akayaka, kwinaku kuli anthu akuwakana. Dziko ili silinagawidwe bwino.

Koma mawu akuti okushoni ndiwo anandidzutsa. Ine ndalima fodya ku Kasungu zaka zambiri, okushoni ndimaidziwa. Katundu sapita ku okushoni asanasankhidwe. Tsamba lowola umachotsa, lothothoka umachotsa, apo ayi belo lonse limabwezedwa ndipo umalira chaka chathunthu. Ndinati mumtima, amayi awa ali ndi mwayi kuti akupita ndi munthu wodziwa.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa, a Moira pa chiwongolero, mphuno pafupi ndi galasi, mzere wa magalimoto kumbuyo kwathu ngati tikuperekeza maliro. Masana tinafika pa bwalo lina la udzu pamene zigalimoto zotere zimagona. Ndinaona anthu a nyumba zawo zabwinobwino atakhala pa timipando topinda, m'mphepo, akudya nyemba za m'chitini, akumwetulira. Analipira kuti azunzike.

Titadya, a Moira ndi Tiyamike anavala nsapato zazikulu kuti akakwere phiri.

“Kuphiriko kuli chiyani?” ndinafunsa.

“Kulibe kanthu, amayi. Kukangoona.”

“Nkhuni? Bowa?”

“Kukangoona basi.”

“Pitani. Mukandionereko.”

Atapita ndinati ndione katundu wathu. Anali m'thumba loyera, pamwamba pa bedi, atakulungidwa m'mapepala ofewa ngati mkate wa mgonero. Ndinatambasula. Abale inu. Zigamba! Bulangeti lonse zigamba zokhazokha, tinsalu takuda, tofiirira, tobiriwira mozimiririka, popanda ngakhale duwa limodzi. Ine ndinakulira m'zigamba. Diresi langa loyamba linali ndi zigamba zambiri moti mayi anga omwe anaiwala kuti nsalu yoyambirira inali iti. Ndinalumbira ndili mtsikana kuti mwana wanga sadzavala chigamba choonekera, ndipo ndinaphunzira kusoka mpaka akazi a mudzi wonse ankabwera kwa ine. Tsopano ndawoloka nyanja, ndakwera ndege, kudzapeza mzungu akusunga zigamba m'mapepala.

Pakona panali kapepala kachikasu, kolembedwa pamanja, komangidwa ndi kaulusi. Ine zolemba sindiwerenga, koma ndimadziwa kuti katundu wa pakaunjika ndiye amakhala ndi kapepala ka mtengo. Ndinati anthu asadziwe kuti n'chakale. Ndinakadula n'kukaponya m'bini ya pabwalopo.

Kenako maso anga anagwera pa vuto lenileni. Zigamba zonse zinali m'mizere yake, chakuda, chofiira, chakuda, chofiira, mwaluso ndithu, ulusi wake waung'ono ngati mazira a nsabwe. (Apa ndivomere, mayi amene anasoka ankadziwa singano.) Koma chapakati, pamene pamayenera kukhala chofiira, panali kachigamba ka buluu, kozondoka. Kamodzi kokha. Ngati dzino lakuda m'kamwa mwa mkwatibwi.

Ndinayesa kuyang'ana kumbali. Ndinawiritsa tiyi. Ndinaimba nyimbo ziwiri. Kachigamba kaja kali pompo, kakundiyang'ana. Ndinati belo ili likabwezedwa chifukwa cha tsamba limodzi, ine ndili pomwepa ndi singano m'chikwama, Mulungu adzandifunsa.

Maganizo anga anali ongokatembenuza basi. Koma nsalu yakale ili ngati khungu la nkhalamba, ukakoka pano kumang'ambika uko. Nditasomola ulusi, kachigamba kanathetheka m'manja mwanga. Chapambali pake nacho chinatseguka kukamwa. Ndinadula kuti ndilinganize, chachitatu chinatsatira. Posakhalitsa pakati pa bulangeti panali bowo loti mwana wakhanda n'kutulukirapo, thonje la m'kati lili lende.

Apa munthu wanzeru akanaima n'kudikira eni ake. Ine ndinavula chitenje.

Chinali chitenje chatsopano, cha lalanje, cha nkhanga zikuluzikulu, chimene mlamu wanga ananditumizira kuchokera ku Lilongwe. Sindinachite kaliwumira. Ndinasankha nkhanga yonenepa kwambiri, ndinaidula bwinobwino kuti mutu ndi miyendo zikwane, n'kuisokera pa bowo paja. Msoko wake, ngakhale lero ndinganene pamaso pa aliyense, unali woongoka.

Nditaimirira kuti ndione ntchito yanga, ndinapeza vuto lina. Nkhanga inali kuwala, bulangeti lonse likuoneka lakuda ndi litsiro pambali pake. Ndinalinunkhiza. Fungo la m'sutikesi ya malemu. Mwachionekere silinaonepo madzi chichokereni ku America. (Pambuyo pake ndinamva kuti ndinalondola. Silinachapidwepo, ndipo anachita dala.)

Pabwalopo panali kanyumba ka masinki akuluakulu. Ndinathira madzi otentha, sopo wa ufa manja atatu, n'kuyamba ntchito. Ndinafikisa, ndinatikita, ndinalimenyetsa pa simenti. Madzi anatuluka ofiira ngati tapha mbuzi. Ndinati onani litsiro la zaka zonsezi. Bambo wina wa kabudula amene ankatsuka makapu pambali panga anasiya kutsuka, n'kundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Ndinamupatsa “thenkyu”.

Ndinaliyanika pa waya wa mpanda wa nkhosa. Dzuwa la kuno mukulidziwa, limangosuzumira ngati wangongole n'kuthawa. Kunayamba kuwaza. Nditalianula ndinaona kuti lafupika, m'mbali mwakwinyika, ndipo zigamba zonse, zakuda, zofiira, zobiriwira, zagwirizana kukhala mtundu umodzi, wa madzi otsukira nyemba. Nkhanga yokha ndiyo inali moyo. Ndinadzilimbitsa mtima kuti likauma libwerera. Ndinalipinda lili lonyowa, ndinalibwezera m'thumba, ndipo anthu okaona phiri atabwera anandipeza ndikusenda mbatata. Za bulangeti sindinawauze. Ndinkafuna adzadabwe pamaso pa anthu.

Anadabwadi.

Okushoni inali m'holo ya mudzi wina, Loweruka m'mawa. Makoma onse mabulangeti a zigamba, anthu akuyenda pang'onopang'ono manja kumbuyo, akunong'onezana ngati ali m'chipatala. Patebulo lolandirira katundu panali mayi wowonda, magalasi pansonga ya mphuno, atavala magolovesi oyera kuti agwire nsanza. A Moira anaika thumba patebulo, maso ali ndi misozi, akufotokoza za amuna awo. Ine ndinaima pambali, chifuwa patsogolo, nditamanga chitenje changa chobowoka mopinda kuti bowo lisaoneke.

Mayi wa magolovesi anapisa dzanja m'thumba, n'kulitulutsa msanga. Golovesi inali yofiira. Anakoka bulangeti, linagwera patebulo kuti phwa, ngati chikopa chonyowa. Analitambasula. Nkhanga inayang'ana holo yonse.

A Moira anatulutsa kamawu kamodzi kokha, kaja kamene mwana wagalu amatulutsa ukamuponda mwangozi.

Tiyamike anayang'ana nkhanga, anayang'ana chiuno changa.

“Amayi. Tambasulani chitenje.”

“Kukuzizira, mwanawe.”

“Amayi, mwatani?”

“Ndasankha katundu. Panali kachigamba kolakwika. Uwauze kuti asandithokoze kwambiri.”

Mayi wa magolovesi analankhula nthawi yaitali, motsitsa mawu, ndipo Tiyamike ankamasulira mano ali olumana. Akuti kachigamba ka buluu kaja ogula amakafuna kwambiri, amati osokawo ankaika dala cholakwika chimodzi posonyeza kuti wangwiro ndi Mulungu yekha. Akuti a Moira anali atatumiza kale chithunzi, ndipo anthu awiri anayenda ulendo wautali kudzalimbirana bulangeti limeneli chifukwa cha kachigamba komweko.

“Kulakwitsa dala?” ndinatero. “Uwafunse, kodi akaphika amathiramonso mchenga pang'ono kuti Mulungu asachite nsanje?”

“Sindimasulira zimenezo.”

Kenako mayi uja anafunafuna pakona, n'kufunsa za kapepala. Akuti panali dzina la wosoka ndi mudzi wake, ndipo popanda iko palibe angakhulupirire kuti linachokeradi kwa Aamishi.

“Kali kuti, amayi?”

“Kali bwino. Kali m'bini.”

Belo linabwezedwa. Ine amene fodya wanga sanabwezedwepo.

Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wa ndege. Bulangeti linali kudontha m'kachimbudzi kaja, Tiyamike akuyang'ana pawindo, a Moira akupukuta mphuno ndi dzanja limodzi, lina pa chiwongolero. Apo m'pamene zinandilowa bwino, kuti zoseketsa za azungu zili apo, koma mayi uyu anali ndi zinthu ziwiri za mwamuna wake, ndipo ine masana amodzi ndinadya zonse. Patapita mwezi kunabwera chilole n'kunyamula chigalimoto chija. A Moira anaima pawindo. Ine ndinabisala kuseri kwa katani yathu.

Kwathu ukalakwira munthu chotere sutumiza uthenga pafoni, umapita ndi nkhuku. Ndinamutuma Tiyamike nkhuku yamoyo, anati akandimanga apolisi. Ndiye ndinagula ya mufiriji, yolimba ngati mwala, ndinaiika m'mbale n'kuvundikira. Ndinatulutsanso chuma changa chenicheni, bulangeti langa latsopano la kambuku, lolemera, lonyezimira, limene ndinasungira tsiku la maliro anga, lopanda chigamba ngakhale chimodzi. Ndinagogoda, ndinagwada pakhomo pawo pa simenti yozizira, mawondo akulira, nkhuku m'manja.

A Moira anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana nkhuku. Analankhula mawu ochepa.

“Akuti chiyani?” ndinafunsa Tiyamike, amene anandiperekeza.

“Akuti dzukani, simudzukanso mukachedwa. Akuti nkhuku alandira. Koma akuti musadzagwirenso chinthu chawo chilichonse, ngakhale chitayaka moto.”

Ndinati ndamva. Tiyi tinayambiranso kumwa patapita miyezi itatu, koma kapu amandipatsa yapulasitiki.

Sabata yatha ndinalowa m'chipinda chawo chochezera koyamba chichitikireni zija. Bulangeti lija alipachika pakhoma, lokwinyika choncho, nkhanga yanga ili pakati. Tiyamike akuti amaonetsa mlendo aliyense, ndipo nkhani yake amaifotokoza ndi dzina langa lonse. Ndinafunafuna kambuku wanga pa sofa, palibe. Ndinamupeza pansi, pakona, atapindidwa kanayi, galu wawo atagonapo miyendo m'mwamba.

Ndiye ndaphunzira. Chinthu cha mzungu chikaoneka chakutha, m'pamene chili ndi mtengo, ndipo chabwino amapatsa galu. Sindikhudzanso kanthu.

Kungoti Lamulungu lapitali, abusa atakweza manja kuti atidalitse, ndinaona kuti m'khwapa mwa mkanjo wawo mwasomoka. Ndinakhalira manja anga mpaka pa ameni. Mkanjowo amausiya pa msomali kuseri kwa guwa, ndipo Lachitatu ndi tsiku langa losesa.