Mukulowa Awiri, Mutuluka Angati?

Amayi anzanga, taimitsani kaye makinawo, madiresi a ukwatiwo sathawa. Usiku wathawu ndalota zinthu zoti mpaka pano mtima sunakhale m'malo.

Paja mukudziwa kuti Lachisanu lino ine ndi bambo a Tiyamike tikupita ku Beira, masiku atatu okha, kukaona nyanja yamchere. Mwana wathuyo ndiye wakonza zonse, akuti makolo ake tikapitidweko kamphepo kena nyengo yotenthayi. Koma mukudziwanso kuti chidwalireni sitiroko chaka chatha, bambowo mwendo wamanzere amachita kukoka, amayendera ndodo, dzanja nalo siligwira bwino. Ine ulendowu ndinavomera pakamwa pokha.

Ndiye m'malotomo tili m'basi, dzuwa lili paliwombo, mipando ikuwotcha ngati nsimbi yositira. Sutikesi ndaiika pamiyendo. Ndangomva ikutsokomola, kenako ikuti, "Mayi, mwandithira mabotolo a mankhwala mpaka zipi ikundipweteka. Nanga zovala zokasambira zili kuti?"

Ine ndikuti, "Khala chete, anthu akumva."

"Ndimangofunsa," ikutero.

Mwadzidzidzi basi ija palibe, tili pamzere pachipata cha m'malire. Mkulu wodinda mapasipoti wavala yunifolomu yosita bwino, koma pamene akutsegula pasipoti ya bambo a Tiyamike, ndevu zikumera, nyanga zikutuluka m'mbali mwa chipewa, mpaka wasanduka tonde weniweni, ndi fungo lomwe. Anthu pamzerepo palibe akudabwa. Tonde uja wang'amba tsamba limodzi, akutafuna pang'onopang'ono, maso ali pa ine.

"Mukulowa awiri," akutero. "Mutuluka angati?"

"Awiri omwewo, bwana."

"Mwatsimikiza? Ine ndikadinda sindifufuta."

Bambo a Tiyamike akungowerenga chikwangwani ngati nkhaniyo si yawo. Tonde wadinda ndi chiboda chake, ndiye chidindocho chitangolira, tili kale pakati pa mzinda.

Kutentha kwake, anzanga, nyumba zosanja zikutuluka thukuta, madontho akugwera m'misewu. Paliponse fungo la mchere ndi nsomba zokazinga. Anthu akulankhula Chipwitikizi, ndikawapatsa moni akundiyankha ndi manambala. Ndiye patulukira mayi wina wa ambulera yofiira, akuti iyeyo ndiye wotionetsa malo, aliyense amutsate. Tili gulu, azungu ndi amwenye omwe. Tangoyenda pang'ono, mayi uja wafupika, miyendo yachuluka, wasanduka nkhanu, ambulera ili chigwirire ndi chala chake chopanira chija. Akuthamanga cham'mbali, gulu lonse nalo likuthamanga cham'mbali.

"Kumanja kwanu tchalitchi chakale. Mwachiona? Tsiku loyamba latha. Kumanzere kwanu msika. Mwauona? Tsiku lachiwiri latha."

Ine ndikuti, "Amayi, chonde pang'onopang'ono, abambowa sathamanga."

Ambulera ndiyo ikundiyankha: "Odwala amatsala kunyumba, mayi. Kuno ndi koyenda."

Ndiye ndikuwakoka bambo a Tiyamike pamkono, ndikuwapukuta thukuta, ndikuwafunsa ngati mutu ukuwawa, ngati akuona chizungulire, iwo akungoti ndili bwino, ndili bwino. Tafika pa nsanja yaitali younikira zombo. Nsanjayo yawerama mwaulemu, ikuti tijambulitse msanga isanatope msana. Ndatulutsa foni, ndaitambasula, ndikuti bambo sekani. Foni ikuti, "Pepani mayi, ine ndikuona munthu mmodzi yekha."

Kucheuka, bambo palibe. Chimene ndakolowekera pamkono ndi ndodo yawo yoyendera ija.

Ndikuifunsa ndodo, "Eni ako ali kuti?"

"Andisiya," ikutero, mawu ake ngati a mwana wolira. "Akuti ine ndi inu tikuwalemera."

Ndiye ndayamba kuthamanga, ndikuitana, koma dzina lawo likatuluka pakamwa likugwa pansi ngati batani, ndikuchita kulitola. Msewu uliwonse ndikalowa ukukathera pa telala wina amene akusoka nsalu yakuda, osadzutsa mutu. Mwadzidzidzi ndili mu ofesi ya apolisi, fani ikuzungulira kudenga koma mphepo yake ikupita m'mwamba. Wapolisi wakhala patebulo, khosi likulowa ndi kutuluka mu kolala, ndipo ndisanamalize moni wasanduka kamba. Kutsegula kope lokha kwamutengera nthawi yoti munthu n'kusoka siketi yonse.

"Munthu wasowayo ndi wotani?"

"Ali ndi BP, bwana. Mwendo wamanzere amakoka. Mapiritsi oyera amamwa m'mawa, achikasu madzulo. Mchere saloledwa, dzuwa lambiri saloledwa..."

Kamba waika cholembera pansi. "Mayi, ine ndafunsa za amuna anu. Zimene mukunenazi ndi za kuchipatala. Amakonda nyimbo yanji? Anaseka komaliza liti?"

Zaka makumi atatu ndi chimodzi m'nyumba imodzi, koma m'mutu munali mapiritsi okhaokha. Ndikuyesa kukumbukira nkhope yawo, ikubwera ndi khadi la kusikelo ya akulu lija, la manambala. Kamba akuti, "Mukakumbukira mudzabwerenso chaka chamawa," n'kulowetsa mutu m'chigoba. Wotchi yapakhoma ikunong'ona, "Tsiku lachitatu, mayi. Basi inyamuka dzuwa likapendeka."

Ndiye ndatuluka, khomo lomwelo landitulutsira kugombe. Koma nyanja palibe. Madzi athawa kutali, kwatsala mchenga wonyowa mpaka kumene maso alekezera, zombo zikuluzikulu zagona cham'mbali ngati ng'ombe zokhuta. Kutali uko ndikuona kamunthu kapinda thalauza mpaka m'mawondo, kakukoka mwendo, kakutsata madziwo. Mzere wa mwendowo ukuoneka pamchenga.

Ndikuthamanga, koma mchenga wasanduka nsalu, ndikaponda ukuterereka ngati ndikupalasa makina opanda ulusi. Sutikesi ija sindikudziwa yachokera kuti, ili pamutu panga, mabotolo akulira m'katimo. Ndodo ili kukhwapa. Ndikukuwa, "Bambo a Tiyamike, bwererani, nthawi ya mankhwala yakwana." Iwo osacheuka. Ndinawapeza mpweya utandithera, ataima pamene madzi ayambira, zala za kumapazi zili m'thovu.

Ananditchula dzina langa lenileni, limene anasiya kunditchula Tiyamike atabadwa.

"Esinati, chaka chonse wakhala ukundiyang'ana ngati mkaka uli pamoto. Sindinafe ayi. Tayang'anako nyanja."

"Ndikayang'ana kumbali mugwa."

"Ndikagwa udzandidzutsa. Tayang'ana."

Ndiye ndayang'ana. Madzi aja akubwerera, koma akubwera choimirira, khoma lalitali ngati phiri la Ndirande, lobiriwira, nsomba zikuoneka m'kati ngati zili pagalasi. Pamwamba pake pakhala tonde uja ndi chidindo chake, akufunsanso, "Angati?"

Miyendo yanga ikuti thawa. Bambo a Tiyamike atambasula dzanja, lamanzere lodwala lija, akuti ndigwire. Koma manja anga onse ndi otanganidwa, lina lagwira sutikesi pamutu, lina lapana ndodo. Sutikesi ikuti, "Mukandiponya, akadwala muwapatsa chiyani?" Ndodo ikuti, "Mukanditaya, abwerera bwanji?" Madzi afika pafupi moti mthunzi wake watiphimba, kukuzizira.

Ndinaponya zonse. Ndinagwira dzanjalo, ndipo linandifinya mwamphamvu, mpaka mphete kundilowa m'chala, mmene ankandigwirira tikudumpha msewu pa Ginnery Corner tili pachibwenzi. Ndikufuna kumuyankha tonde uja, pakamwa padzaza madzi amchere, mawu sakutuluka, ndikungokweza manja athu awiriwo m'mwamba kuti awerenge yekha. Sindikudziwa ngati anaona. Madzi anatigwera, m'makutu mukungomveka khwaa, khwaa, khwaa.

Kutsegula maso, kunja kwayera, pilo wanyowa. Ndapapasa mbali yawo ya bedi, palibe munthu. Koma khwaa, khwaa uja akumvekabe, akuchokera pakhonde. Ndasuzumira pawindo: bambo a Tiyamike akhala pampando, apana nsapato yanga yakutchalitchi pakati pa mawondo, akuipukuta ndi bulashi. Yawo aimaliza kale, ili padzuwa.