Kholingo la apongozi

Lolemba

Sindinagone. Mulungu andikhululukire, m'malo mopemphera korona ndachezera kutchula ziwalo zapakhosi. Ezame, ndiye kuti mayeso a chithandizo choyamba, ili Loweruka m'mawa ku Moatize. Wokhoza amulemba ntchito pa posito ya zaumoyo yatsopano ya kuno ku Zóbuè, imene amanga pamene panali yowotchedwa pankhondo ija. Wolephera abwerera ku khasu, sekondale yonse ndinaphunzira ku Malawi pothawa nkhondo ija n'kukhala yolimira nyemba.

Zoloweza pamtima zilibe vuto:
faringe, kummero kumene njira ya chakudya ndi ya mpweya zimakumana;
laringe, kholingo;
trakeya, mpope wotsikira ku mapapo;
epiglote, kachitseko koletsa chakudya kusochera.

Vuto ndi manja. Chidole chophunzirira chija makoswe achiboola, ukauzira pakamwa mpweya ukutulukira kukhwapa. Enfermero, namwino wotiphunzitsa, akuti: "Kayeserereni kwanu kagwiridwe ka mutu." Kwathu kuti? Ndili pachikamwini. Apongozi ndimawadziwa msana wokha. Tikakumana panjira wina amapatukira patchire, nkhani zonse zimadzera mwa mkazi wanga.

Komabe ndiyesa. Munthu mmodzi tsiku lililonse.

Lachiwiri

Amake Rozina, mkazi wanga, avomera! Agona pamphasa kuseri kwa nkhokwe. Dzanja pamphumi, zala pansi pa chibwano, mutu kuupendeketsa chakumbuyo kuti lilime lisatseke njira. Kungowakhudza chibwano, phwete kuseka.

"Iii, inu, masana ano? Amayi ali pakhomo!"

Ndikuwafotokozera kuti munthu wokomoka saseka. Akusekabe mpaka misozi. Njira yawo ya mpweya ndi yotseguka, chimenecho chokha ndatsimikiza.

Lachitatu

Mlamu wanga Fernando wadzipereka yekha. "Alamu, kukomoka ndimakudziwa ine, ndimakomoka Loweruka lililonse."

Wagona pansi pa mango m'mbali mwa msewu. Ndagwada, khutu pakamwa pake kumvetsera mpweya. Kachasu! Maso anga misozi mbwe. Amayi ochokera kumsika aona wina ali gone, wina wagwada akulira. Atula madengu, ayamba maliro. Fernando osadzuka, akufuna amve zimene anthu amanena za iye. Wadzuka pamene wina wati, "Ngakhale anali waulesi."

Ndanamiza mudzi osatsegula pakamwa. Kodi limeneli ndi tchimo la ndani?

Lachinayi

Kutchalitchi. Padiri apita ku Tete. Ndafunsa akatekisita: ngati mkazi wa mwini wasiya kupuma, ine n'kuika pakamwa panga pa pake kumuuzira mpweya, ndiyenera kulapa? Ayankha: "Zimenezo m'buku mwanga mulibe. Bola muzitsinzina."

Koma enfermero akuti maso azikhala pachifuwa, kuona ngati chikukwera!

Madzulo ndaboola dzungu pakamwa ndi mphuno, ndauzira. Chifuwa lilibe. Ndiponso linali dzungu limene apongozi anasungira mbewu. Uthenga wafika kudzera mwa amake Rozina: "Amayi akufunsa ngati maphunziro akwana, kapena abise maungu enawo."

Lachisanu

Ambuye!

Apongozi akudya chinangwa chowotcha pakhonde, ine ndili patali ndikusema mpini. Mwadzidzidzi amake Rozina akuwa. Ndicheuka pang'ono: mayi agwira pakhosi, kutsokomola ayi, mawu ayi, milomo ikuda. Atsamwa. Njira yatsekeka yonse.

Ndilembe zoona zake. Ndayang'ana kunkhokwe, msana kwa iwo monga mwa ulemu, n'kumakuwa: "Aweramitseni! Amenyeni pamsana!" Amake Rozina akuwasisita ngati khanda: "Pepani amayi, pepani." Mwana angamenye bwanji mayi ake?

Ndachita chizindikiro cha mtanda, ndathamanga. Makofi amphamvu pakati pa mapewa. Osatheka. Ndawakumbatira chakumbuyo, chibakera pamwamba pa mchombo, kukokera m'kati ndi m'mwamba. Chinangwa thu! Nkhuku zalimbirana.

Mpweya woyamba, kukoma kuposa kwaya yathu. Wachiwiri: "Wandigwira ndani?"

Loweruka

Ndavala malaya oyera, nsapato ndapukuta. Ndikutuluka, amalume a mkazi wanga ali kale pabwalo ndi mbumba yonse. "Khalani pansi, akamwini. Nkhaniyi singadikire."

Shapa, minibasi ya ku Moatize, yaima pamsewu, yaliza buzina, yapita ndikuiona.

Mlandu: mkamwini wamenya ndi kukumbatira apongozi ake dzuwa likuswa mtengo. Mboni yaikulu: Fernando, amene panalibe. Ndayesa kufotokoza za epiglote. Amalume akuti ndisabweretse alendo m'nkhani ya banja.

Kenako apongozi, nkhope atalozetsa kumbali: "Kumenya anandimenyadi. Akanapanda kumenya, bwenzi pano mukukumba manda."

Chigamulo: poti manyazi atha kale okha, ndipereke tambala wanga, tidye mbale imodzi, kuyambira lero tizilankhulana maso ndi maso. Nthungululu! Dzuwa lili paliwombo. Ku Moatize ezame yatha.

Lamulungu

Misa. Apongozi ayenda nane njira yonse, kupita ndi kubwera, akulankhula. Zonse zimene akhala akusunga chikwatirire changa:
denga lodontha,
mizere yanga yokhotakhota kumunda,
dzina la Rozina limene sanafunsidwe,
dzungu.

Sapumira n'komwe. Kholingo lili bwino, mapapo ali bwino kwambiri. Ndinatsegula ndine, ndidandaulire yani?

Ndatuma woyendetsa shapa kuti akapemphe enfermero ngati angandiyese pandekha. Apongozi akuti zimenezo n'zochedwetsa, apita okha ku Moatize kukamuonetsa pamsana pamene ndinamenya.

Ambuye, ngati gawo langa ndi khasu, likhale khasu, mpini ndasema kale. Koma chonde yankho libwere pofika Lachitatu. Lachinayi apongozi akuti akukwera shapa, ndipo ine ndikakhale pambali pawo mpaka ku Moatize.