Galimoto yanga ya dirifiti itapita kukadalitsidwa

Inu amene mukufuna galimoto yoyambira dirifiti, masewera aja oterezetsa galimoto chammbali mwadala, zimene amakuuzani n'zoona: ikhale yakale, yokankha ndi matayala akumbuyo, ya magiya apamanja, yoti mukaigunditsa musalire mwezi wonse. Koma pali langizo lina limene palibe anandipatsa, ndipo ndinaliphunzira mtima uli m'mwamba.

Ine ndine munthu woti ngakhale wina andiponde m'basi, ndimapepesa ndine. Ndiye kunyumba palibe akanaganiza kuti masewerawa anandilowa m'magazi. Galimotoyo ndinagula kwa mnyamata wina wa ku Balbriggan, itakonzedwa kale: mipando yakumbuyo anachotsamo, yakutsogolo ndi yakuya ngati beseni, ndipo pambali pa giya panali chitsulo chachitali cha handibuleki, choti ukangokoka matayala akumbuyo amauma pomwepo. Chitsulocho ndinali ndisanachikhudzepo. Ndinkachiopa.

Azakhali anga, amene ndimakhala nawo ku Crumlin, kuno kumaiko akunja, ndinawauza kuti ndi yopitira kuntchito. Akanadziwa zoona, foni ikanalira kwa mayi ku Zomba, galimoto n'kugulitsidwa sabata yomweyo.

"Chabwino," anatero, "koma kwathu galimoto siyenda isanadalitsidwe. Lamlungu upite nayo ku Misa."

Ndikanakana bwanji? Ndinalowa pabwalo la tchalitchi injini ikubangula ngati chigayo, anthu onse maso pa ine, ine ndikufuna nthaka inditsegukire. Misa itatha, Bambo Mfumu, nkhalamba yofatsa ya ku Dedza, anabwera ndi madzi odalitsa, amayi a kwaya ali pambuyo. Anawaza kutsogolo, anawaza matayala, kenaka anasuzumira mkati.

"Nanga mipando ili kuti, mwana wanga?"

"Akuichapa, Bambo," ndinayankha maso ali pansi. Bodza, pabwalo la tchalitchi, madzi odalitsa asanaume.

Ndinaganiza kuti ndapulumuka. Koma azakhali, ndi mtima wawo wabwino uja, anati, "Bambo asakwere basi mvula imeneyi. Uwaperekeze, ife tikutsatira pambuyo ndi galimoto ya Mayi Phiri."

Bambo anamira mu mpando uja mawondo n'kufika pachifuwa. Ndinawamanga malamba a m'mapewa, iwo n'kumati galimoto za masiku ano n'zosamala anthu. Ndinanyamuka pang'onopang'ono, ndikupemphera kuti maroboti onse akhale obiriwira, chifukwa ndikaima injini inkagwedeza mpaka magalasi a Bambo.

Kenaka raundabauti. Msewu wonyowa, azakhali akuoneka pagalasi, wansembe pambali, ndiye phazi langa, chifukwa cha mantha, linaponda mafuta mopyola. Kumbuyo kunayamba kutsetsereka pang'ono. Pang'ono chabe, ndikanaibweza. Koma munthu akachita mantha amagwira chimene chili pafupi, ndipo pafupi ndi Bambo panali chiyani? Chitsulo chija. Anachigwira ndi manja onse awiri n'kuchikokera kwa iwo.

Nyumba, mitengo, basi, zonse zinadutsa chammbali. Matayala analira, Bambo anayamba Tikuoneni Mariya mokweza, ine ndinatseka maso, zimene musamachite. Titaima, galimoto inali itatembenuka, ikuyang'anizana ndi ya Mayi Phiri mphuno ndi mphuno. Nkhope ya azakhali ndinaiona bwinobwino, rozari ili pakamwa.

Anatsika osatseka n'chitseko chomwe.

"Iwe Tadala, galimoto yopitira kuntchito imavina chonchi?"

Ndinkaona kale foni ikulira ku Zomba. Koma Bambo, akulimbana ndi malamba, anati, "Mayi, mwanayu musamudzudzule. Ndine ndakoka chinthu chosachidziwa."

Ndani angakalipire wansembe pakati pa msewu? Azakhali anaiyang'ana galimoto, kenaka anati ili ndi mzimu wa mwini wake wakale, ikufunika kudalitsidwanso. Bambo anavomera msanga, koma anati ulendo uno adzadalitsira pawindo la chipinda chawo, ine ndidzangodutsa mumsewu. Atatero anatuluka n'kukadikira basi pamvula.

Galimoto ndikadali nayo. Koma langizo langa ndi ili: musanaphunzire china chilichonse, chotsani mpando wa wokwera. Wanga ndinachotsa tsiku lomwelo, ndipo ngakhale Ambuye Episkopi atandiimitsa panjira, ndidzangowagwadira pawindo.