Amock Chavula Sankagula Chinthu Asanachimenye

Pa Bolero panalibe munthu wosadziwa kuti malemu Amock Chavula sankagula chinthu asanachimenye. Katundu aliyense ankamuyesa ndi nyundo. Inali nyundo yaikulu, mutu wake ngati wa mwana wa mbuzi, ndipo anaipatsa dzina loti Mboni. Poto, wilibala, njinga, ngakhale bedi, zonse zinkayamba zalawa Mboni zisanalowe m'nyumba mwawo. Akangotulukira pamsika, amayi ogulitsa mbiya ankakhalira katundu wawo ngati nkhuku zofungatira mazira.

"Wogulitsa amanama, koma Mboni sinama," ankatero. "Chinthu cholira ndi nyundo imodzi chingapirire msewu wathu uno?"

Woyenda m'mbuyo kupepesa anali mkazi wawo, mayi Rahab, amene tonse timawatcha aNyaMhango. Ntchito yopepesayi anaigwira zaka makumi anayi, ndipo mpaka lero akati "pepani" zimamveka ngati moni.

A Chavula ankawotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba. Mageti ndi mawindo ankapanga pofuna mchere chabe, mtima wawo unali pa magalimoto. Ankatola mitembo ya magalimoto, kaya pikapu yogubuduka pamapiri a Chiweta, kaya njinga yamoto yopanda mutu, n'kuzilumikiza mpaka kutuluka chinthu choyenda chimene palibe ankadziwa dzina lake. Makina awo owotcherera anadzipangira okha: waya wa kopa wokulunga, womizidwa mumgolo wa oyilo. Ankawatcha Njati. Ankanyamulidwa ndi amuna anayi, ndipo akayamba kubuula, magetsi a mzere wonse ankafooka ngati akomoka.

Wozunzika kwambiri anali Hezron, wometa anthu kutsogolo kwa msewu. Tsiku lina akumeta kalaliki wa boma wochokera ku Dedza, amene anali ndi msonkhano masana omwewo, Njati inabuula ndipo makina ometera anaima pakati peni peni pa mutu. Hezron anamukoka kalalikiyo padzanja, nsalu ili m'khosi, mpaka kuseri kwa a Chavula.

"Adada, taonani ntchito yanu iyi!"

A Chavula anakweza chigoba chakumaso n'kuuyang'ana mutuwo bwinobwino.

"Mbali yometedwayo ndiye yoipa. Njati yamupulumutsa."

Hezron anaponya benchi. A Chavula anazinda, benchi n'kukapeza kalaliki. Kalaliki, munthu waulemu wa tayi, anatola payipi. Pofika aNyaMhango, amuna atatu anali mtolo umodzi pansi, aliyense akumenya mwendo umene waupeza, ndipo akuti Hezron analuma wake womwe. Mayiwo anawakhuthulira beseni la madzi otsukira usipa, nkhondo n'kutha. Kalaliki anapita kumsonkhano atavala chipewa cha a Chavula.

Zoseka zinachepa chaka chimene aNyaMhango anagwa pa matola. Anakhala pamwamba pa matumba, galimoto inadumpha pabampu, iwo n'kutsala m'mwamba, kenako pansi. Chiuno sichinabwererenso m'malo mwake. Mwezi uliwonse ankayenera kukaonekera kuchipatala ku Boma, ndipo ulendo uliwonse wa matola unkawagoneka sabata yathunthu. Mwana wawo Vitumbiko, amene amagwira ntchito ku Mzuzu, anabwera osavula n'komwe jekete.

"Adada, msika wa fodya ukatha ndikubwera kudzawatenga amama. Akakhala kwathu, pafupi ndi madokotala."

"Nanga ine?"

"Inu muli ndi Njati."

ANyaMhango mtima unawawa. Ku Mzuzu kuzizira, nyumba ya mpanda, munthu osaona ngakhale wodutsa woti umujede. Komanso ankadziwa kuti mwamuna wawoyu, akasiyidwa yekha ndi nyundo, pakutha pa mwezi nyumba idzakhala bwalo.

"Anyina Vitu sapita kulikonse," anatero a Chavula, kunena akazi awo. "Ndiwapangira galimoto yawoyawo, ya mpando wonga wa bishopu. Ukabwera udzaione."

M'mawa mwake anayatsa Njati. Inabuula mawu achilendo, ndipo a Chavula anachita zimene ankachita ndi chilichonse cholankhula mwachilendo: anaipatsa Mboni m'nthiti. Kuphulika kwake kunamveka mpaka kusukulu. ANyaMhango anawapeza amuna awo m'khola la nkhuku, miyendo m'mwamba, nsidze palibe, ndevu zikufuka utsi.

"Awiske Vitu, muli moyo?"

"Yayamba ndi iyo," anatero ali chigonere.

Njati inafa tsiku limenelo, fodya atayamba kale kupita kumsika. Panalibe kuchitira mwina koma kukagula makina a m'sitolo, chinthu chimene a Chavula ankachiona ngati kukabwereka mkazi. Ananyamuka limodzi ndi aNyaMhango tsiku la chipatala, Mboni ili m'thumba la feteleza.

Sitolo yoyamba ku Boma, mwini wake atawaona anatseka chitseko n'kulemba kuti wapita kumaliro. Yachiwiri inali ya munthu wachilendo amene sankawadziwa. Anawaonetsa mabotolo awiri aataliatali a gasi, n'kuyamba kutama: moto wake ndi wofatsa, malata opyapyala saboola, magetsi safuna.

"Akatha gasiyo?"

"Mumakadzazitsa ku Mzuzu, bwana."

"Ndiye kuti Mzuzu yemweyo andilande mkazi, andilandenso moto? Chabwino, tione kulimba kwake."

Anatulutsa Mboni n'kuikweza pamwamba pa botolo. Wogulitsa anatulukira pawindo. Ogula anapondana pakhomo, wina n'kusiya nsapato. Akuti aNyaMhango, a chiuno chodwala aja, ndi amene anayamba kufika tsidya la msewu, kenako anakumbuka kuti mwamunayo ndi wawo, anabwerera n'kuwakola khosi ndi ndodo yawo yopindika nyundo isanatsike.

"Mukufuna tikafike kuchipatala zidutswazidutswa?"

Sitolo yachitatu inali ya Watipaso, mayi wamng'ono thupi amene anaphunzira zowotcherera kusukulu ya ntchito zamanja. Iye ankawadziwa bwino a Chavula, ndipo sanathawe.

"Adada, mukufuna kuwotcherera chiyani?"

"Galimoto. Ndipatse chachikulu icho, cha matayala."

"Icho chikudyerani magetsi a Bolero yense, ndipo akazima inunso mwazima. Chitsulo chanu n'chokhuthala bwanji?"

"Ngati chala ichi pa chasisi. Pampando n'chopyapyala."

Watipaso anawerama n'kutulutsa kabokosi kofiira ka lamba, kakang'ono ngati chikwama chimene amayi amapita nacho kutchalitchi. Anakanyamula ndi zala ziwiri.

"Inivata iyi. Moto mumachepetsa ndi kuwonjezera apa. Pa chasisi muika rodi yonenepa, pampando yowonda. Magetsi akathima, kajenereta kakang'ono kakwana."

A Chavula anatembenukira kwa akazi awo. "Anyina Vitu, mwana uyu akunditukwana."

Dzanja linali litalowa kale m'thumba la feteleza. Watipaso anakakumbatira kabokosi kaja.

"Mukamenya aka, ine ndimenya inu. Kodi pamsewu padzayenda makina kapena chimene makinawo alumikiza? Menyani ntchito yake."

Anatulutsa zitsulo ziwiri pakhonde, anavala chigoba, n'kuzilumikiza. Kabokosi sikanabuule, kankangopuma ngati mphaka. Msoko unatuluka wosalala ngati wosokedwa ndi telala. Anthu anali atadzaza kale, ena atakwera pa njinga zawo kuti aone bwino.

A Chavula analavulira m'manja. Nyundo yoyamba, chitsulo chinalira koma msoko uli chete. Yachiwiri, yachitatu, yachikhumi. Anavula malaya. Anachitukwana m'Chitumbuka, anachitukwana m'Chichewa, anatchula ndi agogo ake a chitsulocho. Simenti ya pakhonde inasweka, chitsulo chinapindika ngati uta, koma polumikiza paja osatseguka. Pa nyundo ya makumi awiri ndi zisanu mpini unathyoka. Mutu wa Mboni unauluka, unagwetsa mulu wa mabeseni, unagunda mzati, n'kubwerera molunjika pamsongolo wa mwini wake.

"Chiuta wane!"

Magazi anayenderera mpaka m'nsapato. A Chavula anakhala pansi, anayang'ana mwendo, anayang'ana msoko, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anatsitsa mawu.

"Kakulungire m'katoni. Katoni yaikulu, anthu asakaone."

"Yewo chomene, adada," anatero Watipaso.

Tsiku limenelo pamzere wa kuchipatala anakhala awiri, ndipo wotsimphina kwambiri sanali aNyaMhango.

Atafika kunyumba, manyazi anawagwira. Amock Chavula, mwini Njati, awotcherere ndi chikwama cha kutchalitchi? Anatsuka mgolo wa Njati, anauboola m'mbali kuti mphepo izilowa, anaika njerwa pansi, kabokosi pamwamba pa njerwa, n'kutseka. Kunja kunkangotuluka nthambo ziwiri. Wodziwa chinsinsi pa Bolero anali mkazi wawo yekha, ndipo kwa munthu wokonda nkhani ngati aNyaMhango, kusunga chimenechi kunapweteka kuposa chiuno.

Hezron anadabwa kuti moto ukuthwanima kuseri koma makina ake ometera akuyenda bwinobwino.

"Adada, Njati yatani?"

"Yabatizidwa."

Miyezi iwiri Bolero sanapume. Kutsogolo anaika njinga yamoto, kumbuyo matayala awiri a kagalimoto kakang'ono, pakati mpando wa minibasi wokhala pa masipuling'i anayi, ndi kadenga ka malata. Msoko uliwonse unkalandira Mboni, imene tsopano inali ndi mpini wa payipi. Chinthucho chitayenda koyamba chinkapita chammbali pang'ono, choncho Hezron anachitcha Nkhanu, dzina n'kukhala lomwelo.

Vitumbiko anafika Loweruka lina ndi galimoto ya mnzake, kumbuyo atayala kale matiresi. Anaizungulira Nkhanu kawiri.

"Amama sangakwere ichi. Mpando uwu udzazuka pabampu yoyamba."

A Chavula sanakangane naye. Anamupatsa Mboni.

"Zula. Ukazuka, atenge amako, ine sindinenanso kanthu."

ANyaMhango anagwira chitseko. Mwana wawoyo ndi chimphona, ndipo anamenya ndi mtima wonse, chifukwa amawakonda mayi ake. Ankamenya pansi pa mpando, m'mbali, pamiyendo yake inayi. Utoto unkauluka, Nkhanu inkadumpha ngati yalumidwa ndi njuchi, galasi lakutsogolo linagwa n'kusweka. Nyundo iliyonse mayiwo ankaimva m'chifuwa, akuwerenga chamumtima masiku a ku Mzuzu. A Chavula anangopinda manja.

Vitumbiko anaponya nyundo pansi, manja atatuluka matuza.

"Adada, mwawotcherera ndi chiyani?"

"Njati," anatero a Chavula, osayang'ana kumene kunali akazi awo.

Matiresi anabwerera ku Mzuzu opanda munthu. Zaka zisanu ndi chimodzi Nkhanu inapita ku Boma mwezi ndi mwezi, chammbali, aNyaMhango atakhala pampando wawo ngati mkwatibwi, akupereka moni kwa aliyense ndi kutola nkhani za m'njira. Inkafika ndi ku Henga kwa achemwali awo.

A Chavula anatisiya chaka chatha, mwakachetechete moti sizinawayenere. Anakhala pansi pa mtengo wa mango masana, Mboni ili pamiyendo, osadzukanso. Kalipentala amene anakhoma bokosi lawo akuti anaika misomali kawiri, kuopa. Pa tsiku la maliro Hezron, maso ali ofiira, anatenga Mboni n'kugogoda pabokosipo kamodzi, pang'onopang'ono, ndipo anthu anaseka akulira. Nkhanu ndi imene inanyamula mwini wake.

Pokonza malo oti anthu akhale, amuna anayi anakunga mphamvu kuti asunthe Njati. Chivundikiro chinagwa. M'katimo munali njerwa ndi kabokosi kofiira, kopukutidwa bwino, kopanda chipsera ngakhale chimodzi. Watipaso, amene anabwera kuchokera ku Boma, anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Ndiye kuti zinthu ziwiri zokha ndi zimene sanazimenyepo," anatero Hezron. "Aka, ndi inu amama."

"Ine akanayamba bwanji?" anatero aNyaMhango. "Tsiku limene anabwera kudzandifunsira anandipeza kumunda. Ndinamupatsa mpini wa khasu pamsana, kawiri. Anabweranso m'mawa mwake. Ndinati uyu salira ndi nyundo imodzi, ndimutenga. Nzeru imeneyi mukuganiza anaitenga kuti?"

Masiku ano pa Bolero amayi a mbiya amayala katundu wawo poyera, ndipo mbiya zimafa ndi ukalamba. Hezron amameta mutu wonse popanda chosokoneza, koma akuti ntchito sikukomanso. M'mawa kumacha popanda kulira kwa chitsulo, moti ena amachedwa kumunda. Vitumbiko anayesanso kunena za Mzuzu, mayi ake anangomulozera Mboni, imene imakhala kuseri kwa chitseko.

Tsiku la chipatala Hezron amatseka shopu n'kuyendetsa Nkhanu. ANyaMhango asanakwere amagogoda mwendo wa mpando ndi ndodo yawo, n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Msoko umayankha mawu omwe aja. Akatero amakwera, n'kumuuza Hezron kuti asathamange pabampu.