Sabata Imene Ndinafuna Kuika Amalume M'bokosi

Lolemba

Ndayamba ndi manyazi.

M'mawa ndathyola nthambi za bulugamu n'kuziyala pamsewu wa kumakomboni, kumtunda ndi kumunsi, monga timachitira pakagwa zovuta. Ndimangofuna kuona mmene zionekere m'kamera. Bokosi la maliro, lobwereka kwa kalipentala wa ku Luchenza, lili pakhonde pa amalume anga, a Dayisoni. Sindinauze aliyense. Munthu wophunzira sauza anthu, amangodabwa akabwera.

Akabaza akutsika panjinga, kuvula zipewa, kudutsa chokankha. Pilirani, mnzanga wogwira kamera, akuti, "Zikuoneka zenizeni, bwana dayirekitala." Ine kunyada. Kenaka amayi othyola tiyi atula madengu m'munda, akubwera mondondozana, wina nkhuni pamutu. Mmodzi wandigwira dzanja ndi manja awiri: "Pepani, mwataya nkhoswe." Ndaima pamenepo ndi dipuloma yanga yonse, kufotokoza kuti malemuwo ali kuseri, akumeta ndevu.

Kapitawo wabwera kudzatenga anthu ake. Wangokankha nthambi ndi phazi.

Ndilembe cholinga, mwina ndingachiiwale. Ndikupanga filimu yaifupi kuchokera ku nkhani yakale ija tinkaloweza ku sekondale, ya mlonda amene amwalira, bwana wake n'kufika pamaliro osadziwa dzina lake lenileni. Ndaisamutsa m'tauni kuibweretsa kuno ku esiteti. Wolemba anapha mlondayo ndi chiganizo chimodzi. Ine kuti ndimuphe ndikufunika:

bokosi (lilipo)
olira (anabwera okha, ndawabweza)
dzuwa pang'ono
mtembo wosakhosomola

Kamera ndi yobwereka, ibwerera ku Blantyre Lamulungu masana. Popanda maliro palibe filimu.

Amalume anavomera kukhala mtembo mosavuta. Anagwira ulonda pafakitale mpaka kupuma. "Kugona masana ndi ntchito yanga yakale," akutero.

Lachiwiri

Nthambi zinachoka dzulo, koma uthenga unali utakwera kale kabaza.

Dzuwa lili paliwombo, kulira kukumveka kuchokera kumunsi kwa munda, kukukwera phiri pang'onopang'ono. Ndi amayi aakulu, a Esinati a ku Nsabwe, mkulu wawo wa malemu mayi anga ndiponso wa amalume. Thumba la ufa pamutu, nsapato m'manja. Akulira theka Chichewa theka Chilomwe, akuitana amalume ndi dzina la paubwana limene ine sindinalimvepo. Afika pakhonde, atula ufa, agwa pabokosi n'kulikumbatira.

Amalume atuluka ndi kapu ya tiyi.

Sindinamvepo chete wotero. Ngakhale nkhuku zaima.

Awiriwa sanalankhulane kuyambira ndili ku pulayimale. Mwana wa a Esinati, Layisoni, atamwalira, amalume sanapite. Kufakitale anawakaniza tchuthi, iwo n'kuopa kuchotsedwa ntchito. Kwathu mwana ndi wa malume wake, ndipo malume wosaponda pamanda a mphwake ndi mlandu wosaola. A Esinati analumbira anthu akumva: "Nawenso ukadzafa, phazi langa silidzaponda." Lero phazi laponda, ndipo wakufayo waliona ndi maso ake.

Adzuka, apukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ayang'ana ine.

"Ndabwera kudzaona iweyo. Ndinamva kuti waonda."

Sindinaonde.

Lachitatu

Mlendo sakupita. Akuti miyendo yatupa. Miyendo yotupayo yasesa bwalo lonse, yakatunga madzi, yakapezanso zolakwa m'khitchini mwa amalume.

Akulankhulana kudzera mwa ine. "Uwauze anthu ena kuti mchere watha." Ndatembenuka kuti ndinene, amalume ayankha kale: "Uwauze alendo kuti uli m'chitini cha buluu." Ndinapita ku koleji kuti ndikhale dayirekitala, ndasanduka mtengamawu pakati pa anthu okhala mphasa imodzi.

Masana tiyesa kujambula. Amayi a kwaya avomera kulira, bola tiwauze poyambira. Amalume avala suti yobwereka, ndawapaka ufa pang'ono kumaso. Akuoneka bwino kuposa mmene amaonekera ali moyo. Pilirani wakonzeka. Amalume akweza mwendo, aulowetsa m'bokosi.

"Tulutsa mwendo."

A Esinati. Osati kudzera mwa ine. Mawu oyamba kwa mlongo wawo pa zaka zonsezi, ndipo ndi amenewa.

Mwendo watuluka.

Ndagwada mwaulemu n'kufotokoza zimene anatiphunzitsa, kuti filimu siinena, imaonetsa. Andimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka: "Onetsa wako. Bokosi limazolowera munthu."

Amayi a kwaya ayang'anizana. Mmodzi wakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto. Posakhalitsa onse anasiya nyemba pamoto.

Zojambulidwa lero: mwendo umodzi, kulowa ndi kutuluka. Pilirani akuti kuwala kunali kwabwino.

Lachinayi

Chiperoni. Munda wa tiyi wasowa, fakitale yasowa, chimbudzi tikuchipeza ndi chikhulupiriro. Kamera ikuchita thukuta m'diso.

Ndagona ndi nzeru, ndadzuka nayo. Tiike thunthu la nthochi m'bokosi, titseke, anthu anyamule. Ndani adzadziwa? Wolemba nkhani uja sanaonetse nkhope ya mtembo, ine ndivutikirenji?

A Esinati sanakane. Wakana ndi mtembo. "Ndaphunzira kufa sabata ziwiri, undichotse ntchito chifukwa cha nthochi?" Akwiya zenizeni, apita kuseri. Ndawatsatira.

Ndawapeza atakhala pamtondo, jekete lakale la ulonda paphewa, akuyang'ana m'nkhungu. Andifunsa za kulira kwa mlongo wawo.

"Unamva mmene analirira?"

Ndinamva.

"Ine ndimati adzandinyamula a esiteti pathirakitala, kwaya n'kuimba nyimbo ziwiri, basi." Akhosomola. "Makina anuwo anatola?"

Sanatole. Pilirani anali kwa a neba kutchaja batire.

"Palibe kanthu. Ndinamva ndekha."

Ndabwerera m'nyumba. A Esinati akusoka batani la suti ya mtembo. Akuti silinakhale bwino, anthu angaseke banja.

Lachisanu

Dzuwa! Mapiri onse poyera, tiyi wobiriwira ngati wapakidwa utoto. Tsiku limene ndakhala ndikulipempherera.

Pakhonde palibe bokosi.

A Esinati akupeta nandolo. "Ndaitana kabaza m'mamawa. Katundu wa eni sagona masiku ambiri pakhomo."

Ndakwera kabaza wina, kuthamangira ku Luchenza, njira yonse ndikukonza mawu aukali. Ndafika kwa kalipentala, bokosi langa lili panja, akulipukuta. Pambali pake paima mnyamata wa msinkhu wanga, maso ofiira, m'manja muli chingwe chimene anayezera bambo ake. Kalipentala wandikokera pambali: "Lapeza mwini wake, achimwene. Lina litha Lachiwiri."

Mawu aukali aja ndawameza. Ndagwira mbali imodzi, tanyamula limodzi kukakweza pagalimoto. Ndinalinyamulapo Lolemba, silinali lolemera chonchi. Mnyamatayo wati zikomo, akuganiza kuti ndine wachibale wa kutali. Sindinamukonze.

Ndabwerera wapansi mbali ina ya njira, dala. Ndafika dzuwa likupendeka, ndapeza Pilirani akutseka chikwama cha kamera. Ndi wa Sabata, ndipo sabata lake sililabadira za dayirekitala. "Mpaka mawa dzuwa litalowa, bwana." Ndamupempha kuti andisiyire. Akuti mwini wake anamulumbiritsa kuti isagwidwe ndi munthu wina, makamaka ine.

Loweruka

Kamera ikupuma pansi pa bedi la munthu amene akuimba kutchalitchi.

Palibe wandituma mawu lero. Ndazindikira mochedwa, nditadya kale. Mchere wadutsa wokha kuchoka dzanja lina kupita dzanja lina.

Madzulo awiriwa akhala pansi pa mtengo wa mapeyala, akusenda chinangwa m'beseni limodzi. Amalume ayamba kulankhula Chilomwe, motsitsa, maso ali pampeni. Chilomwe changa chinatsalira kusukulu yogonera komweko, ndikungotola apa ndi apo. Ndamva dzina la Layisoni. Ndamva za tchuthi, za geti la fakitale, za kuima pamenepo tsiku la maliro atavala yunifolomu. Alankhula nthawi yaitali. Sindinadziwe kuti amalume ali ndi mawu ochuluka chotero.

A Esinati asenda chinangwa china mpaka kutha, achiponya m'madzi. Ayankha m'Chichewa, mwina kuti nanenso ndimve.

"Manda sanasamuke."

Dzuwa likulowa kuseri kwawo, likudutsa m'masamba, likugwera pamanja awo. Sabata yonse ndakhala ndikusaka kuwala kumeneku. Ndikanakonda kulemba kuti sindinajambule chifukwa cha ulemu. Zoona zake, foni inalibe moto.

Lamulungu

Pilirani wafika m'mamawa, tili ndi mpaka masana. Nzeru yomaliza: popanda bokosi. Amalume agone pamphasa, tiwafunditse chitenje, ndilire ndekha ngati kuli kofunika. Wolemba uja akanamvetsa. Iye analibe amayi aakulu.

Ndalowa m'nyumba kukadzutsa mtembo. Ndaupeza utavala kale suti ya filimu, nsapato zopukutidwa, khasu latsamira khoma.

"Tikupita ku Nsabwe. Pamanda pamera thengo, akuti." Sakundiyang'ana. "Suti ndibweza."

Liti? Akuti khasu lidzanena.

Ndawaperekeza kusiteji, ine kumbuyo ndi kamtolo ka mlendo. Amalume patsogolo, suti ndi khasu, akabaza akuwapatsa moni wa munthu wouka kwa akufa. A Esinati akuwakalipira kuti akuyenda ngati mlonda. Miyendo yawo sinatupenso.

Minibasi ili pafupi kudzaza, a Esinati andikoka mkono. "Kulira ndinalira kale Lachiwiri, tsiku lenilenilo ndidzangokhala. Koma uthenga udzabweretse wekha, osati ndidzamve kwa akabaza." Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndipo uzidya."

Pilirani wakwera ina ya ku Blantyre, kamera pamiyendo. M'kameramo muli nthambi pamsewu, akabaza ovula zipewa, nkhungu yambiri, ndi mwendo umodzi.

Ndabwerera ndekha. Mlendo wapita, watenga ndi mtembo wanga womwe. Pakhonde pamene panali bokosi ndapeza thumba lija la ufa, silinamasulidwe. Ndafunsa a neba ngati analiiwala. Akuti ayi, anasiya mawu: ufa wa chipepeso subwerera, ndiye ukhale wa filimu, popeza pakhomo pano yamwalira ndi imeneyo.

Ndalowetsa m'nyumba.