Ndinakwecha selo ya bafa la alendo mpaka inawala

Anzanga amachotsedwa ntchito chifukwa cha ulesi kapena kuba sopo. Ine ntchito yanga ikulendewera pa kaulusi chifukwa cha ukhondo.

Ndinali nditangoyamba kukonza m'zipinda pa loji ina kufupi ndi Liwonde, ndili pa miyezi yoyesedwa ija imene umaseka ngakhale nthabwala za abwana zisakukoma. Kuseri kwa lojiyo kuli bafa lalikulu lamadzi otentha, loti anthu anayi amakhalamo mwakamodzi. M'madzimo amathira mchere, ndipo m'munsi mwake muli kachipangizo kotchedwa selo, kamene kamasandutsa mcherewo kukhala klorini wophera tizilombo. (Musandifunse kuti zimatheka bwanji. Ine ndine wa ku Ulongwe, kwathu mchere ndi wa ndiwo.)

Amene amasamalira bafalo ndi Che Yusufu, bambo wofatsa wosathamangira mawu. Sabata imeneyo iwo anali ku sadaka ya malume awo ku Phalula, abwana ali ku Blantyre. Lachinayi m'mawa nyali yofiira inayamba kuphethira pabafa paja, chonsecho Loweruka kumabwera akwati amene anasankha loji yathu chifukwa cha bafa lomwelo.

Ndinaimbira Che Yusufu. Anandiuza modekha kuti madzi a pamjigo amasiya zoyera mu selomo ngati zija za m'ketulo, choncho ndizimitse magetsi, ndiimasule, ndiiviike mu viniga.

"Kuviika basi, mayi. Musaikhudze ndi kanthu," anatero.

Ndinamva bwinobwino, sindinganamizire foni iyayi. Ndinaviikadi, zoyera zija zinachita thovu n'kuyoyoka. Koma nditasuzumira m'kati, timalata take tinali takuda bii. Tsono kwathu mkazi akaika poto wakuda pathandala, mudzi wonse umakhala wadziwa dzuwa lisanalowe. Ndinati mumtima, amuna ndi amuna basi, kutsuka kwawo n'kongonyowetsa. Ndinakulunga sitiliwulu ku mpini wa supuni, ndinatapa phulusa ndi kamchenga kosefa, n'kukhala pansi miyendo tambalale. Kwecha, kwecha, mpaka zala zinatupa ndipo timalata tija tinati mbee. Ndinkaimba ndi nyimbo yomwe. Ndinaijambulanso pafoni kuti abwana adzaone mtundu wa munthu amene amulemba ntchito.

Nditaibwezera, nyali ija inapitiriza kuphethira. Ndinaganiza kuti mwina mchere wachepa, ndiye ndinakhuthulira wonse wa kukhitchini, n'kutumanso wa kabaza kukagula wina wamibulu kumsika. Ndinalawa madziwo ndi chala. (Inde, madzi osamba alendo. Munthu akapanikizika sasankha.) Mchere unali wokwanira ndithu, koma nyali ili phethi phethi.

Lachisanu madzi anayera ngati otsukira mpunga. Ndinkapita kukawaona, kubwerera, kupitanso, ngati angachite manyazi n'kusintha. Loweruka m'mawa anali atayamba kubiriwira, kafungo ka kudambo kakumveka. Apa mantha anandigwira zenizeni, ndipo ndinatumiza chithunzi chija kwa Che Yusufu kuti aone kuti mbali yanga ndinaichita.

Anaimba nthawi yomweyo.

"Mayi, chakuda chija si litsiro. Ndi chimene chimapanga klorini. Mwachotsa makina, mwasiya malata."

Ndinafunsa ngati sitingapakenso china chakuda, kaya polishi wa nsapato. Ndinangomva akutchula dzina la Mulungu chapansipansi.

Masana akwati anafika, abwana ali pambuyo pawo. Mkwatibwi anatuluka atakulunga thaulo, anayang'ana madzi aja, n'kufunsa mwaulemu kwambiri ngati muli achule. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Abwana anapepesa, anawakweza bwato kuti akaone mvuu pa Shire, kenaka anandiitanitsa. Ndinapita chikwama changa nditamanga kale, ndikuganiza zokawauza ana anga kumudzi.

Ndinawapeza akuitembenuza selo ija m'manja. Sanakalipe, ndipo zinandiopsa kuposa kukalipa. Anati chibadwire sanaonepo chinthu chakufa choyera chonchi. Anatinso ina iyenera kuchokera ku Joni ndipo itenga nthawi, za ntchito yanga tidzakambirana ikadzafika.

"Kufikira tsiku limenelo, selo ndinuyo," anatero.

Ndiye ndi mmene zililimu. Tinataya madzi aja n'kuthira ena. M'mawa uliwonse ndi madzulo ndimayeza klorini wa ufa ndi supuni, kuthira m'bafa, kuviika kapepala koyezera n'kumafanizira mtundu wake, Che Yusufu ataima poteropo manja kumbuyo. Sitiliwulu yense anamutsekera m'kabati, kiyi amayenda naye m'thumba. Ndikawafunsa ngati yatsopanoyo idzabwerenso yakuda, amangogwira thumba la kiyi lija.

Dzulo abwana amadandaula kuti katunduyo wakanirira pa boda ya Mwanza, ndipo sakudziwa kuti atuluka liti. Ndinawapepesa ndi nkhope yachisoni kwambiri. Kenaka ndinakalowa m'chipinda chosungira mathaulo, ndinatseka chitseko, n'kuvina pang'ono.