Ba Sininaone ndi nyumba ya amayi ku Kabwata

Ba Chisenga, loya uja wa ofesi ya m'mwamba pa Cha Cha Cha Road, sankadinda pepala lomwe sanaone likusainidwa ndi maso awo. Tauni yonse inkawatcha Ba Sininaone. Ntchito yawo inali yolumbiritsa anthu ndi kudinda mapepala kuti akhulupirike ngakhale kunja kwa dziko. Zaka zimenezo makampani a boma anali kugulitsidwa, ndipo theka la Lusaka linkathawira ku Botswana ndi masetifiketi m'khwapa. Mzere unkatsika masitepe mpaka pamsewu, koma mkuluyo osafulumira ayi. Setifiketi ankaiunika padzuwa, kuinunkhiza, kenaka kukuyang'ana iwe ngati wawabera nkhuku.

Ngakhale akazi awo, ba Deborah, amake a mwana wawo Mwape, atabwera kudzalumbira za pasipoti, anafunsidwa reji, chitupa cha boma chija.

"Bashi Mwape, zaka zonse izi nikuphikilani, lelo simuniziba?"

"Kunyumba nikuzibani, bana Mwape. Pano lamulo lifuna reji."

Mayiwo anakwera minibasi kubwerera ku Chelstone kukatenga chitupacho, ndipo sabata yonseyo ba Chisenga anagonera mabanzi ndi tiyi.

Bwana wina wa ku Kabulonga anatuma dalaivala ndi kalata yosainasaina kale. Inabwezedwa katatu. Kachinayi bwanayo anakwera yekha masitepe, ali wefuwefu.

"Muziba kuti ndine ndani?"

"Tizaziba manje manje. Reji."

Ine Abson ndinkaseka nawo nkhanizi, mpaka tsiku lomwe zinandigwera. Mu 1996 ntchito inandithera. Chaka chomwecho kanselo ya mzinda inagulitsa nyumba zake kwa okhalamo, ndipo amayi anga anatenga yawo ya ku Kabwata, momwe anatilerera tonse. Ine mutu unali pa kugula minibasi. Ndinapeza wogula nyumbayo mwakachetechete, ndikulembetsa pepala londipatsa mphamvu yogulitsa. Amayi sadziwa kuwerenga. Ndinawauza kuti ndi za madzi, iwo nadinda chala. Inde, ndinachita zimenezo, musandiyang'ane choncho.

Nditapita nalo kuofesi kwawo, ba Chisenga analitembenuza pepalalo kawiri.

"Chala ichi ni cha ndani?"

"Cha amai."

"Sininaone."

"Badwala mendo, sibangakwele masitepe."

"Ine mendo nili nayo. Tiye."

Anakulunga chidindo chawo chachitsulo m'thaulo, nachifukata pamiyendo m'minibasi ngati khanda. Njira yonse ndinkapemphera kuti tayala liphulike. Silinaphulike.

Kunyumba amayi anatulutsa reji m'Baibulo. Mkuluyo anaiyang'ana, nayang'ana nkhope yawo, kenaka nati munthu wosawerenga lamulo limafuna kuti amuwerengere m'chilankhulo chake. Anawerenga mzere ndi mzere, osadumpha kanthu.

"Amai, pepala iyi ikamba kuti Abson angagulise nyumba ino osakufunsani futi. Mwamvela? Muvomela?"

Amayi anangondiyang'ana. Ine ndinagwidwa ndi manyazi omwe sindinawamveponso chibadwire.

Ba Chisenga anadzuka. "Naona muli na papaya yabwino panja," anatero, natuluka. Anthu inu, mtengo wake unali umodzi, wopanda ndi chipatso chomwe, koma anauyang'ana ola lathunthu, manja kumbuyo. Zomwe amayi anandiuza m'nyumbamo ndi zanga ndekha. Nditatuluka, maso ali psu, mkuluyo anangoti, "Kulibe chamene nadinda, mwana wanga, so kulibe chamene chachitika. Nipelekeze ku basi."

Ba Chisenga ndinawada zaka ziwiri zathunthu. Ndikawaona m'tauni ndinkawolokera tsidya lina la msewu, iwo nkumandivulira chipewa chapatali. Nkhaniyo sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Mukuimva lero chifukwa ndaiulula ndekha.

Anamwalira mwezi wa June, chaka chatha. Amayi, miyendo yotupa choncho, anaumirira kuti ndiwatengere kumaliro ku Chelstone. Anakhala pamphasa ndi azimayi a mpingo masiku onse atatu. Wina atawafunsa ngati ndi achibale, anati, "Banabwelako kunyumba kwanga kamozi."

Ofesi ija tsopano amagulitsiramo mafoni. Pamasitepe palibenso mzere, palibe wodandaula, ndipo msewuwo ndikaudutsa umandisowetsa mtendere. Mwezi wathawu ndinapita kukadinditsa mapepala a mwana wanga kwina. Wodindayo sanadzutse ndi mutu womwe: pha, pha, ndatuluka. Nditafika pamsewu ndinazindikira kuti ndikanapeza munthu ngati ameneyo chaka chija, minibasi ndikanagula, nyumba ya amayi ikanapita. Ndinasiya zonse zomwe ndinayendera, ndikukwera basi ya ku Kabwata. Amayi ndinawapeza pakhonde pawo, akukalipira ana a aneba oponda maluwa awo.